Nyama zofufuza milandu m'mabuku a ana: mafunso ndi mayankho

Makolo ndi aphunzitsi ambiri akaona buku lomwe pachikuto pake pali mbewa yovala chipewa itagwira galasi lokuzira zinthu, amaliyesa longotayitsa mwana nthawi. Ine mabuku amenewa ndimawalemekeza, chifukwa abwino mwa iwo amazoloweretsa mwana kufunsa kuti umboni uli kuti asanaloze munthu chala. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakhala nawo akamaganiza zogulira kapena kubwerekera mwana buku lotere.

Kodi mabuku amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi nkhani zopeka zomwe chinthu chimasowa kapena pamachitika zodabwitsa, ndipo amene amafufuza ndi nyama: galu, mbewa, nkhumba, chule, ngakhale nalimata. Nyamayo imapita pomwe pachitikira zinthupo, imafunsa mboni, imayang'ana mapazi ndi zotsalira zina, ndipo pamapeto imaulula amene wachita ndi mmene yadziwira. Milandu yake kawirikawiri ndi yopepuka, monga chakudya chobedwa, chidole chosowa, kapena phokoso lomveka usiku popanda wodziwa gwero lake.

Mwa mabuku ena nyamazo zili ndi dziko lawolawo, zimavala malaya, zili ndi polisi ndi bwalo la milandu. Mwa ena ndi ziweto wamba za pakhomo, eni nyumba osadziwa n'komwe kuti galu ndi mphaka wawo akukambirana mlandu pansi pa tebulo.

Anayamba liti, ndipo odziwika kwambiri ndi ati?

Ambiri mwa ofufuza amenewa ndi zidzukulu za Sherlock Holmes, wofufuza wa ku London amene Arthur Conan Doyle anamuyambitsa mu 1887. Nkhani zake zinali za akuluakulu, koma olemba za ana anatengerako kachitidwe kake, koyang'anitsitsa tinthu ting'onoting'ono timene ena akutidumpha.

Mmodzi mwa oyambirira ndi Freddy, nkhumba ya pa famu ya banja la Bean m'chigawo cha New York ku America. Walter R. Brooks analemba mabuku 26 a nyama za pa famu imeneyi kuyambira 1927 mpaka 1958, ndipo mu Freddy the Detective la 1932 nkhumbayo imawerenga nkhani za Holmes n'kuganiza zoyamba nayonso ntchitoyo, mothandizana ndi ng'ombe yaikazi yotchedwa Mrs. Wiggins. Mu 1958 Eve Titus anatulutsa Basil of Baker Street. Basil ndi mbewa yokhala m'chipinda cha pansi pa nyumba ya Holmes yemweyo, pa 221B Baker Street, ndipo luso lake analiphunzira pobisala m'chipinda cha mkuluyo n'kumamvetsera akamamasula milandu. Mlandu wa m'bukuli ndi wa tiana tiwiri ta mbewa, amapasa, timene tabedwa. Kampani ya Disney inapanga filimu kuchokera pa mabuku amenewa mu 1986.

Pambuyo pake anachuluka. Bunnicula la Deborah ndi James Howe linatuluka mu 1979. Hank the Cowdog, galu wodzitcha mkulu wa chitetezo pa famu ya ng'ombe ku Texas, anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi John R. Erickson. Chet Gecko wa Bruce Hale, nalimata wa kupulayimale wofufuza milandu ya pasukulu pake, anabwera mu 2000. Ku Sweden Ulf Nilsson analemba za Gordon, chule wokalamba amene ndi wapolisi yekhayo wa m'nkhalango, ndipo mabuku ake anayamba kutuluka m'Chingerezi mu 2015. Kwa ana aang'ono kwambiri kuli The Detective Dog la Julia Donaldson, la 2016.

N'chifukwa chiyani olemba amasankha nyama m'malo mwa anthu?

Zifukwa zina n'zoonekeratu. Galu ali ndi mphuno, kadzidzi amaona usiku, mbewa imalowa pomwe wapolisi wa miyendo iwiri sangalowe. Komanso mbewa imaona dziko kuchokera pansi, miyendo ya mipando ndi nsapato za akuluakulu, mmene amalionera mwana. Mwana akaona kanyama kakang'ono kakumasula zomwe zalepheretsa zikuluzikulu, amalimba mtima kuti nayenso maso ake ndi a ntchito.

Palinso chifukwa cha chifundo. Wakuba akakhala gologolo, safanana ndi neba aliyense, si wa mtundu uliwonse, chipembedzo chilichonse, ndipo mwana amatha kulingalira za kuba ndi chilango popanda kuyamba kukayikira munthu wina weniweni.

Koma chifukwa chimene ine ndimachiona chachikulu ndi chakuti nyama iliyonse imalowa m'nkhani itasenza kale mbiri yake. Mwana wa zaka zisanu amadziwa kale kuti fisi ndi wadyera, nkhandwe ndi yachinyengo, mphaka amagwira mbalame. Palibe anamuonetsa umboni, anangomva. Wolemba wanzeru amagwiritsa ntchito zimenezi ngati msampha. Mu Freddy the Detective muja, khwangwala wapezeka atafa ndipo mphaka wa pa famuyo, Jinx, ndiye akuimbidwa mlandu. Ndani angakayike? Mphaka ndi mbalame nkhani yake imadziwika. Koma pabwalo la milandu Freddy amaonetsa kuti makoswe ndiwo anakonza zonse kuti mphakayo, mdani wawo, achoke. M'buku loyamba la Gordon, gologolo wabeledwa chakudya chomwe anasungira nyengo yozizira, nkhalango yonse imaopa nkhandwe, koma wakubayo sapezeka kuti ndi nkhandwe.

Mwana amene wakodwa mumsampha wotere kangapo, kuloza nkhandwe n'kupeza kuti anailakwira, amayamba kudzigwira. Amaphunzira kuti mbiri yoipa ya wina si umboni woti lero walakwa. Phunziro limeneli n'lovuta kuliphunzitsa pongolankhula, chifukwa aliyense amavomera ndi pakamwa. M'nkhani mwanayo amalakwitsa yekha, amadzigwira yekha, popanda wovulala.

Kodi si nthano za Kalulu zomwe zija, kungoti zalembedwa m'Chingerezi?

Pali ubale, koma kusiyana kwake n'kofunika. Taganizirani nthano ya chitsime. Kunja kwagwa chilala, nyama zonse zakumba chitsime, Kalulu wakana kukumba nawo, ndipo usiku uliwonse akubwera kudzatunga atapusitsa mlonda ndi uchi n'kumumanga. Pamapeto Fulu, amene aliyense ankamuderera, ndiye amamugwira. Muli kuba, muli alonda, muli kugwidwa. Koma womvera amamudziwa wakubayo kuyambira pa "padangokhala", ndipo chokoma cha nthanoyo ndi kuchenjera kwa wakubayo. M'buku lofufuza wakuba ndi wobisika, ndipo nzeru zili mbali ya wobeledwa.

Pali nthano zinanso za munthu amene wadya ndiwo mobisa, onse n'kukana, ndiye akuti aliyense awoloke mtsinje pa chingwe akuimba, wolakwayo chingwe chimudukira. Nthano zimenezi n'zokoma kuimba ndipo zimaopseza mwana wakuba, koma wolakwa amadziwika mwa mphamvu yosaoneka, palibe amene waganiza. Wofufuza wa m'buku alibe chingwe chotero, alibe ula. Ali ndi maso, mphuno, mafunso ndi kudekha, kuja amati kuona maso a nkhono.

Wachibale weniweni wa mabuku amenewa kwathu kuno ndi ndagi. Woponya ndagi amakupatsa zonse zofunika m'mawu ochepa, yankho lili momwemo, ndipo ukalephera n'kuuzidwa umadzimenya pachipumi kuti zinali poyera. Mwana wokonda ndagi buku lofufuza salivutikira.

Ndingadziwe bwanji kuti buku ili ndi labwino, ili ndi lachabe?

Muyeso woyamba ndi chilungamo kwa wowerenga. Mu 1929 wansembe wina wa Katolika ku England, Ronald Knox, amene ankalembanso nkhani zofufuza, anandandalika malamulo khumi a nkhani zotere. Ena mwa iwo anatha ntchito, koma angapo akadali amoyo: wolakwa akhale wina amene watchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, mlandu usamasulidwe ndi mizimu kapena mwangozi, ndipo chizindikiro chilichonse chimene wofufuza wapeza achionetsenso kwa wowerenga. Buku la ana liyenera kusunga zimenezi koposa la akuluakulu. Ngati pa tsamba lomaliza patulukira nyama yachilendo yomwe sinaonekepo, n'kuti ndiyo yakuba, mwanayo waberedwa. Amatseka bukulo ataphunzira kuti kuganiza kwake kunalibe phindu.

Choncho musanagule, werengani mutu womaliza muli chiimire, kenaka bwererani m'mbuyo muone ngati zomwe wofufuza akutchula zinalipodi. M'mabuku a zithunzi zizindikiro zambiri zimakhala m'zojambula, mawu osazitchula: nyenyeswa pa ndevu za wina, matope pa phazi limodzi, zenera lomwe pa tsamba lachitatu linali lotseka koma pa lachisanu ndi lotsekula.

Chachiwiri, onani mmene bukulo limathera ndi wolakwa. Apa ndimakonda kwambiri Gordon. Atadikirira mu chipale chofewa mpaka kuuma ndi kuzizira, amagwira kambewa katatenga kamtedza kamodzi. Kambewako kalibe dzina, kalibe kwawo, kali ndi njala. Gordon amakapatsa chakudya, amakapatsa dzina loti Buffy, pogona m'chitokosi cha polisi momwe munalibe mkaidi, kenaka n'kukalemba ntchito ngati wothandizira wake. Mfuti ali nayo koma imakhala yotsekeredwa m'kabati. Mu The Detective Dog, galu wamkazi Nell amatsata fungo la mabuku omwe asowa pasukulu mpaka kupeza bambo wina atakhala nawo akuwerenga, ndipo mathero ake ndi kumuonetsa bamboyo njira ya ku laibulale kumene angabwereke mwachilolezo. Mabuku otere amafunsa chimene chatsitsa dzaye, chifukwa chimene wolakwayo wachitira zimenezo, ndipo chilungamo chake chimakhala chobweza zinthu m'malo mwake.

Buku lomwe nthabwala zake zonse ndi kumenyana ndi kunyozana, mlandu uli wongopachikapo, lisiyeni pa shelefu.

Kodi nkhani za akuba ndi zigawenga sizingamuopseze mwana, kapena kumulotetsa zoipa?

Zambiri n'zofatsa kuposa nthano za zimphona zomwe timawauza tokha madzulo. Mantha ake ndi oyezedwa, ndipo mapeto amakhala odziwika kuti zinthu zilongosoka. Ana ambiri amakonda kamantha kotere ali pa mwendo wa kholo.

Limodzi loyenera kulitchula padera ndi Bunnicula. Banja la Monroe latola kalulu m'nyumba yoonetsera mafilimu momwe amaonera filimu ya Dracula, chilombo choyamwa magazi a anthu. Posakhalitsa tomato ndi masamba ena m'khitchini ayamba kupezeka atayera, madzi ake onse atayamwidwa. Mphaka wa pakhomopo, Chester, wowerenga kwambiri nkhani zoopsa, watsimikiza kuti kaluluyo ndi woyamwa magazi, ndipo wayamba kumutchinga ndi adyo kuti asafike pa chakudya mpaka kanyamako kudwala ndi njala. Galu Harold, amene akusimba nkhaniyo, ndiye amamvera kaluluyo chisoni n'kumupulumutsa. Kwa mwana wa ku America zonsezi ndi nthabwala. Kwa ife nkhani ya opopa magazi si yoseketsa, pakuti mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu osalakwa. Kholo lili ndi ufulu wolisiya bukuli. Koma kwa mwana wa zaka khumi kapena kuposerapo, ine ndingaliwerenge naye dala, chifukwa Chester ndi chithunzi chenicheni cha munthu amene wagamula kale mlandu ndipo chilichonse chomwe waona akuchikokera ku chigamulo chakecho. Funso loti "Kodi kaluluyu walakwira ndani?" mwana amaliyankha msanga kuposa akuluakulu ambiri.

Nanga sangaphunziremo njira zobera ndi kunama?

Ayi. Njira zomwe zili m'mabukuwa n'zonga za makoswe a m'buku la Freddy obisala m'sitima ya chidole pokaba chakudya cha ziweto, zosathandiza wakuba aliyense. Chimene mwana amatolamo n'chakuti bodza limasiya mapazi.

Chimene chimachitikadi n'chakuti kwa masabata angapo mumakhala ndi wapolisi m'nyumba, wofunsa amene wamaliza shuga ndi kuyeza mapazi a abale ake pakhonde. Muuzeni malire, kuti zikwama za alendo ndi foni za akuluakulu si malo ofufuzamo, ndipo kuti wofufuza weniweni salengeza dzina la munthu asanatsimikize.

Kodi nyama zimathadi kufufuza, kapena n'zongopeka basi?

Kuvala chipewa ndi kufunsa mboni n'zopeka, koma mphuno si yopeka. Galu ali ndi timaselo tomvera fungo toposa 200 miliyoni pamene munthu ali ndi pafupifupi 6 miliyoni, n'chifukwa chake apolisi padziko lonse amagwiritsa ntchito agalu potsata anthu osowa ndi kupeza mankhwala ozunguza bongo, ndipo oteteza nyama zakutchire amawagwiritsa ntchito popeza minyanga ya njovu yobisidwa.

Chitsanzo chimene ana amachikonda koposa ndi cha bwampini, khoswe wamkulu wa matumba m'masaya yemwe timamudziwa tonse. Bungwe la APOPO, lomwe linayambira ku Belgium mu 1997, limaphunzitsa abwampini ku Morogoro m'dziko la Tanzania kununkhiza mabomba okwirira pansi. Bwampini ndi wopepuka moti akaponda bomba siliphulika. Akamva fungo la onga amapalasa pansi, womuyang'anira amaliza kachipangizo kolira kuti "kha", ndipo amalandira nthochi kapena mtedza. Abwampini amenewa anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, dziko lomwe mu 2015 linalengeza kuti lachotsa mabomba onse okwirira omwe ankadziwika. Ena amaphunzitsidwa kununkhiza makhololo kuti apeze chifuwa chachikulu cha TB. Mmodzi wa onunkhiza mabomba, Magawa, amene anabadwira ku Tanzania n'kukagwira ntchito ku Cambodia, analandira mendulo yagolide mu 2020 kuchokera ku bungwe losamalira nyama la PDSA ku Britain. Mwana akamaliza buku la mbewa yofufuza, muuzeni za Magawa, muone maso ake.

Mwana ayambe ali ndi zaka zingati?

Kuyambira zaka zitatu kapena zinayi, ndi mabuku a zithunzi omwe inu mukuwerenga iye akuyang'ana. The Detective Dog ndi la msinkhu umenewu. Pakati pa zaka 6 ndi 8 akhoza kumvetsera Gordon, mutu umodzi usiku uliwonse. Basil, Bunnicula, Hank ndi Chet Gecko ndi a zaka 8 mpaka 12. Freddy ndi wautali ndipo Chingerezi chake n'chakale, amakoma powerengeredwa mokweza.

Zaka zolembedwa kuseri kwa buku anaziyezera ana omwe Chingerezi ndi chiyankhulo cha kwawo. Mwana wa Sitandade 6 kuwerenga buku lolembedwa kuti zaka 7 si manyazi, ndipo musalole mkulu wake amuseke.

Mwana wanga Chingerezi chimamuvuta. Kodi mabukuwa angamuthandize, kapena angomufooketsa?

Angamuthandize kuposa mabuku ambiri, chifukwa ali ndi chokoka. Mwana amene akufuna kudziwa wakuba amapirira mawu ovuta omwe m'buku la kusukulu akanamugonjetsa. Komanso nkhanizi zimabwereza mawu omwewo, ndipo mabuku otsatizana amakhala ndi anthu omwewo ndi kayendedwe komweko, moti lachiwiri limapepuka kuposa loyamba.

Sankhani mosamala. Chet Gecko ndi Hank adzaza ndi nthabwala zoseweretsa mawu ndi kalankhulidwe ka ku America, zomwe ngakhale wamkulu wodziwa Chingerezi amazidumpha. Gordon anachita kumasuliridwa kuchokera ku chiyankhulo cha ku Sweden, ziganizo zake n'zazifupi ndi zomveka, ndiye poyambira pabwino.

Ndipo musaope kusakaniza. Werengani ndime m'Chingerezi, kambiranani m'Chichewa. Kulingalira za mlanduwo kuchitike m'chiyankhulo chomwe mwanayo amaganizira, chifukwa ndi mmene angatsutsane nanu momasuka.

Ndiwerenge naye bwanji kuti apindule?

Chinsinsi chake ndi kuima. Mukafika pomwe wofufuza wati wadziwa wolakwa, tsekani buku chala chili m'kati.

"Iwe ukuti waba ndani?"

"Nkhandwe!"

"Wadziwa bwanji?"

"Nkhope yake, amayi. Taonani mmene ikuyang'anira."

"Nkhopeyo anabadwa nayo. Pamalo paja panali mapazi a ndani? Tabwerera uone."

Apa mwana amalanda bukulo, amaphenula masamba chobwerera, mphuno pafupi ndi pepala, kachala kakuyenda pa chithunzi mpaka kuima pa timapazi ting'onoting'ono tokwera mumtengo. Nkhandwe sikwera mumtengo wotero. Mumamuona akusintha maganizo pamaso panu, ndipo nthawi imeneyo ndiyo phindu lonse la bukulo. Musamuuze yankho, ndipo akalakwa musamukonze msanga. Funso lanu likhale limodzimodzi nthawi zonse, loti wadziwa bwanji.

Kwa mphunzitsi wa kalasi yodzaza amene ali ndi buku limodzi lokha, njira yake ndi yomweyo. Lembani pa bolodi mayina a oganiziridwa, pansi pa aliyense ana atchule zomwe zikumuloza ndi zomwe zikumuchotsa. Asiyanitse zimene mboni yaona ndi maso ndi zimene yangomva, paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Aponye voti musanawerenge mutu womaliza. Tsiku lotsatira ngakhale ojomba amabwera.

Chinthu chimodzi chokha mupewe, kusandutsa buku lililonse mayeso. Masiku ena ingowerengani mpaka kumapeto, museke, mugone.

Mwana wanga amangofuna a zithunzi zokhazokha okhala ndi mawu m'timabaluni. Kodi amenewo ndi mabuku?

Ndi mabuku. Dog Man wa Dav Pilkey, wapolisi wa mutu wa galu amene anayamba mu 2016, ndi InvestiGators a John Patrick Green a 2020, anyamata awiri a mtundu wa ng'ona oyenda m'mipope ya zonyansa pofufuza milandu, akopa ana ambiri omwe ankadana ndi kuwerenga. Kunena zoona, mwa amenewa phokoso ndi nthabwala zimachuluka kuposa kufufuza, ndipo sindingawaike pa muyeso umodzi ndi Gordon kapena Basil. Koma mwana amene wamaliza buku la masamba 200 payekha wadziwa kuti angathe, ndipo mukhoza kumupatsa lotsatira lokhala ndi mawu ochulukirapo.

Ndingawapeze kuti?

Ku Malawi yambani ndi National Library Service, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Gawo la ana limalandira mabuku ochokera kunja kudzera m'mabungwe monga Book Aid International, ndiye funsani woyang'anira laibulale akuthandizeni kusaka, osangodalira zomwe zili pamwamba. Ogulitsa mabuku akale m'misewu ya m'tauni ndi m'misika nawonso amakhala ndi milu ya mabuku a ana, ndipo wofukula modekha amapezamo zabwino pa mtengo wotsika. Kumeneko mudzakumananso ndi mabuku a Enid Blyton, monga a ana anayi ndi galu wawo Timmy omwe anayamba mu 1942. Ofufuza ake ndi ana, galuyo ndi wothandiza, koma mwana wokonda mtundu umodzi amakondanso winawo. Poti ndi akale, onani kuti masamba omaliza alipo. Buku lofufuza lothothoka kumapeto limaliza mwana.

Amene muli ku South Africa kapena ku Britain, malaibulale a boma a m'dera lanu amabwereketsa mabuku a ana, ndipo masitolo ogulitsa zinthu zakale pothandiza osowa amakhala nawo ambiri. Mukamatumiza katundu kumudzi, ikanimo awiri kapena atatu.

Pa intaneti, African Storybook, Book Dash ndi StoryWeaver amapereka mabuku a ana aulere oti mukhoza kuwerenga pa foni kapena kusindikiza, ndipo African Storybook ndi StoryWeaver ali ndi ena a m'Chichewa. Ambiri ndi nthano ndi nkhani za tsiku ndi tsiku, koma malamulo ake amalola kumasulira, choncho mphunzitsi akapeza ya mlandu wosowa chinthu m'Chingerezi akhoza kuiika m'Chichewa mwalamulo.

Ndikufuna kulemba buku lotere m'Chichewa. Ndiyambire pati?

Lembani, chifukwa ana athu akulifuna, ndipo zipangizo muli nazo zambiri kuposa wolemba wa ku London. Iye mapazi a nyama amawaona m'mabuku, pamene mwana wa kumudzi amawawerenga m'mawa uliwonse popita kudimba.

Yambirani kumapeto. Dziwani wolakwa, chifukwa chake ndi njira yake musanalembe chiganizo choyamba, kenaka mwazani zizindikiro zitatu kapena zinayi chobwerera m'mbuyo. Zizindikirozo zikhale zoona, zoti mwana akakaziyesa panja azipeze momwemo. Phazi la galu limaonetsa zikhadabo, la mphaka silionetsa chifukwa amazibweza poyenda. Mapazi akutsogolo a fisi ndi aakulu kuposa akumbuyo. Khwangwala akadya dzira amaboola chigoba, galu amachiphwanya n'kusiya zonyansa, pamene njoka yodya mazira imameza lathunthu n'kulavula chigoba chophwanyika chitapindika pamodzi.

Tinene kuti mazira akusowa m'khola la nkhuku ya agogo. Nyama zonse za pakhomo zaloza galu, poti anagwidwapo chaka chatha, ndipo akuti amuotche pakamwa ndi dzira lotentha. Wofufuza wanu, kaya ndi fulu, kaya ndi bakha wokalamba, waona kuti m'kholamo mulibe chigoba ngakhale chimodzi, mulibe mapazi achilendo, ndipo nkhukuyo masana aliwonse imabwera ndi chisoso chomata pa nthenga, chikhalirecho pabwalo pa agogo ndi posesa bwino. Mwana wodziwa nkhuku adzalumpha asanafike kumapeto: palibe wakuba, thadzilo likuikira kutchire. Galu wapulumuka, ndipo wowerenga wanu wagwiritsa ntchito zomwe amazidziwa kale pamoyo wake.

Wofufuzayo mumupatse chofooka chake, monga mantha a madzi kapena kukonda tulo, ndi mnzake womufunsa mafunso omwe mwana angafunse. Oganiziridwa asapitirire anayi. Ufiti ndi maula zisamasule mlandu, ngakhale nyama zina m'nkhanimo zikhoza kuthamangira kumeneko, wofufuza n'kuzibweza ku zooneka.

Mukamaliza, sonkhanitsani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a msinkhu womwe mukulembera, muwawerengere, muime musanaulule. Onse akalondola pa tsamba lachitatu, mwaonetsa zambiri, chotsani chizindikiro chimodzi kapena muchisunthire m'chithunzi. Akalephera onse, ndipo mutaulula palibe wofuula kuti "ndinaona!", ndiye kuti mwabisa mopitirira, bwererani mukachiike poyera pang'ono.